Mphunzitsi wa ku Mitundu amene anapereka pasiwedi kwa munthu wosamuonapo

Panali munthu wina ku Mitundu, dzina lake Chipulumutso, mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ya kumeneko. Amene amamudziwa akuti nkhaniyi ndi yoona.

Nkhuku za mayi ake zitatha ndi chitopa, Chipulumutso analemba pulogalamu ya pa kompyuta yotumiza uthenga m'mafoni a alimi, kuwakumbutsa tsiku la katemera wa nkhuku. Sanaigulitse. Anaiika poyera pa intaneti kuti aliyense wodziwa za makompyuta aone mmene inalembedwera, aikonze kapena aitenge mwaulere. Otemera nkhuku m'midzi anaikonda, moti patatha zaka ziwiri inkafikira alimi oposa zikwi zitatu, kuyambira ku Mitundu, Nathenje mpaka Diamphwe.

Koma mtolo wonse unali pamutu pake. Pulogalamu ikangovuta, foni inkalira iye ali m'kalasi. Panalibe womulipira, ndipo odandaula ankachuluka kuposa othokoza.

Kenako panatulukira munthu wina pa intaneti wodzitcha Noah. Anati ndi Mmalawi wokhala ku Joni, ndipo akufuna kuthandiza kwawo. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankatumiza zokonza, Chipulumutso n'kumaziwerenga kaye asanazilowetse. Zinali zabwino zokhazokha. Nthawi yomweyo anthu ena osadziwika anayamba kulemba kuti, "Aphunzitsi mukuchedwetsa zinthu. Ngati mwatopa, musiyireni Noah."

Chipulumutso anakafunsa nzeru kwa Felesiya, mayi wokonza makompyuta ku Nathenje, amene anali naye pa gulu la okonda mapulogalamu aulere.

"Achimwene, Noah ameneyu munamuonapo?" anafunsa Felesiya.

"Ayi, koma ntchito yake ndimaiona."

"Nanga mawu ake munawamvapo? Kwawo ndi kuti? Akudandaulawa mukuwadziwa?"

"Achemwali, mapulogalamu otere amakula chifukwa chokhulupirirana. Tikamakayikira aliyense, tidzathandizidwa ndi ndani?"

"Athandize ndithu, koma pasiwedi yolowera ndi kusinthira pulogalamuyo musamupatse. Zimene watumiza ziziwerengedwa ndi anthu awiri. Ine ndingathe kumawerenga Loweruka."

Chipulumutso anavomera pakamwa. Mumtima ankaona kuti kudikira Loweruka n'kuchedwetsanso zinthu.

Mwezi wotsatira mkazi wake anagonekedwa kuchipatala cha Nkhoma, mimba itamuvuta. Katemera anali atayandikira, pulogalamu itavutanso, foni ikungolira. Ali pabenchi kunja kwa wodi, Chipulumutso anatumizira Noah pasiwedi, n'kuzimitsa foni.

Patatha masabata awiri anabwerera ku Mitundu ndi mkazi wake ndi khanda. Tsiku loyamba kusukulu anapeza mayi wina wa ku Nathenje, Mayi Madalo, akumudikira pageti.

"Aphunzitsi, otemera aja abwera liti? Munalemba kuti tsiku lasintha, ndipo wofuna katemera watsopano atumize ndalama pa foni. Ndinatumiza. Nkhuku zanga zafa zonse, yatsala imodzi."

Anamuonetsa uthengawo. Pansi pake panali dzina la Chipulumutso, monga mwa masiku onse.

Chipulumutso anathamangira pa kompyuta. Pasiwedi inakana. Analembera Noah, koma yankho silinabwere. Anthu odandaula aja nawonso anali atasowa onse tsiku limodzi, ndipo m'pamene anazindikira kuti mwina onsewo anali munthu mmodzi.

Felesiya atawerenga pulogalamuyo anapeza mizere yobisika imene Noah analowetsa. Inkatumiza manambala onse a mafoni a alimi kwina kosadziwika.

"Ya pa intanetiyi tingathe kuitseketsa, n'kuyambiranso ndi yakale imene munasunga," anatero Felesiya. "Koma manambala apita. Amenewo sabwereranso."

"Palibe njira iliyonse?"

"Palibe, achimwene."

Kupolisi analemba zonse, n'kumufunsa dzina lenileni la munthuyo ndi kumene amakhala. Chipulumutso sankadziwa zonse ziwirizi.

Pa gulu lija mtsutso unabuka. Ena anati vuto ndi kuika pulogalamu poyera. Ena anati ikanakhala yobisika, Felesiya sakanaona chinyengocho. Ena anati olakwa ndi onse amene ankaigwiritsa ntchito zaka ziwiri osamuthandiza mwini wake. Koma palibe mawu amene akanadzutsa nkhuku za Mayi Madalo.

Chipulumutso anayambiranso ndi pulogalamu yakale ija, koma alimi sankathanso kusiyanitsa uthenga wake ndi wa akuba. Ambiri ankangofufuta zonse. Chaka chimenecho chitopa chinasesa midzi yambiri.

Mpaka pano, Loweruka lililonse Chipulumutso amapalasa njinga mudzi ndi mudzi, kuuza anthu kuti uthenga wopempha ndalama m'dzina lake si wake. Sabata yatha wina unafika pa foni ya mayi ake omubereka. Iwo anamuimbira kumufunsa ngati atumize ndalamazo.

Phunziro: Munthu amene simunamuonepo angakuthandizeni, koma pasiwedi ya ntchito imene anthu ena amadalira musamupatse, makamaka pamene mwatopa kapena muli pamavuto. Mverani amene akukulangizani muli maso ndi maso. Ndipo ngati mumagwiritsa ntchito chinthu chaulere, kumbukirani kuti pali wina amene akuchisenza yekha; muthandizeni wakuba asanamuthandize. Tumizirani anzanu nkhaniyi, makamaka achinyamata a za makompyuta ndi makolo athu akumudzi.