Kanema wa Mipando Yakumbuyo

"Gwirani bwino, akulu, ndiboole," anatero Costache, makaniko, atagwada pampando wa galimoto ya Tiberiu.

Tiberiu anakanikiza kawailesi kakanema katsopano kudenga la galimotoyo. Mkazi wake, Ilinca, anachoka ndi ana awiri chaka chatha kupita kunja, ku Torino, koma tsopano anali atalola kuti anawo adzacheze ndi bambo awo patchuthi.

"Kunyanja n'kutali, asadzatope panjira," anatero Tiberiu.

"Komatu woyendetsa saonako. Inu muzingomva mawu."

"Si kanga aka, iwe. Manga."

Bawuti yomaliza isanalimbe, foni inalira. Anali Ilinca.

"Musavutike, bambo a Matei. Ana akana okha. Akuti kumeneko alibe anzawo."

Costache anakanda m'mutu. "Ndimasule? Koma mabowo ndiye atsala."

"Malizitsa."

Pobwerera, Tiberiu anaikamo chimbale chakale cha tsiku lobadwa la Matei. Kumbuyo kunadzaza phokoso, ana akuseka, akulimbirana keke.

"Ababa, tayang'anani kuno!" anakuwa Matei m'kanemamo.

Tiberiu sanayang'ane pagalasi. Atafika pageti pake sanaime, anangowonjezera mawu n'kupitirira.