Kaulusi ka Pinki pa Kolala ya Merv

Rhonda anatola kaulusi ka pinki pa kolala ya shati ya mwamuna wake Merv, n'kukayang'anitsitsa pawindo. Aka sikanali koyamba. Loweruka lapitalo anakapeza m'tsitsi, lina lija pa sokosi. Ndipo mumsewu wawo wonse m'tauni yozizira ya Oatlands, munthu wovala pinki anali mmodzi yekha: Glenys, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe juzi yake inkaonekera patali ngati mbendera.

Merv sanali mwamuna wopatsa mkazi maluwa. Analinso woumira, wosagula chinthu chimene angathe kuchipeza chaulere. Koma mphatso imodzi yokha anaperekapo, ndipo Rhonda ankaisunga mumtima. Chaka chimene nyamakazi inamugwira Rhonda mawondo, Merv anakwera m'denga n'kuyala thonje lotchinga kuzizira pamwamba pa siling'i yonse, chipinda ndi chipinda. Anatsika ali mbuu ndi fumbi, n'kunena kuti, "Mayi, muziyang'ana malata m'mawa. Akayera ndi chisanu, dziwani kuti kutentha kwatsala m'nyumba. Akada n'kumadontha, ndiye kuti mbaula yanu ikuothetsa akhwangwala."

Kuyambira pamenepo, chisanu chikagwa, Rhonda ankati akapita pageti kukatenga nyuzi, amacheuka kuti aone denga lake loyera. La Glenys linkakhala lakuda, likudontha. Zimenezi zinkamusangalatsa, ngakhale sakanavomera pagulu.

Chaka chino chisanu chinachedwa. Kunali mvula ndi mphepo basi. Komabe m'nyumba munkazizira kuposa kale, mawondo anayambanso kulira, ndipo Rhonda ankadziwa chifukwa chake. Nyumba imazizira mwamuna akaika mtima kwina. Merv ankagona atamufulatira, akudzikanda mikono mpaka tulo. Lachisanu lina Rhonda pobwera kogula zinthu anapeza makwerero ataima pansi pa kachitseko ka siling'i, mwini wake akupuma wefuwefu. Merv anati m'denga mwalowa kanyama kakutchire kotchedwa posamu. Loweruka lililonse ankati akupita kwa mnzake kukanola macheka, koma galimoto inkatsala pakhomo.

Nsanje inamudya mayiyu mpaka tiyi anasiya kukoma. Ankadziyang'ana pagalasi n'kumafunsa kuti Glenys ali ndi chiyani, kupatula juzi ndi masikono ofufuma bwino.

Linafika Loweruka lotsatira. Rhonda anabisala kuseri kwa katani ya kukhitchini. Merv anatuluka, anayang'ana uku ndi uku, n'kudutsa pampata wa mpanda ngati mbuzi yozolowera dimba la eni. Chitseko cha Glenys chinatseguka asanagogode n'komwe.

Rhonda anavala jasi, n'kudutsa pampata womwewo. Nayenso sanagogode.

Anapeza Glenys pakhonde la m'kati atagwira makwerero ndi manja awiri. Pamwamba pake panalendewera miyendo iwiri ya nsapato zimene Rhonda ankazidziwa bwino. Pansi ponse panali nyenyeswa za thonje la pinki.

"Bambo inu, macheka aja akunoledwera m'denga masiku ano?"

Miyendo ija inatsika pang'onopang'ono, kenako mutu. Merv anachotsa kansalu kapamphuno.

"Mayi, musayambe. Munthuyu chaka chatha chibayo chinatsala pang'ono kumutenga. M'dengamu munalibe kanthu, matabwa okhaokha. Ndikanakuuzani, koma pakamwa panupo ndimapadziwa."

"Pepani, anzanga," anatero Glenys, maso ali pansi. "Ndinawauza kuti akuuzeni. Lero ndiye akumaliza."

Rhonda anayang'ana thonje lija, n'kuyang'ana juzi. Mitundu yake sinali yofanana n'komwe. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu munatentha. Munthu wamkulu ngati iye, kuchita nsanje ndi zinthu zoyabwa za m'denga! Anayamba kuseka, Glenys nayenso anaseka, ndipo posakhalitsa anali pa tebulo, akupaka jamu pa masikono. M'nyumbamo munali mofunda bwino, moti Rhonda anavula jasi.

"Koma ndiye mwandidabwitsa, bambo," anatero Rhonda. "Inu kutulutsa madola kugulira munthu thonje lonseli?"

"Sindinagule," anayankha Merv, akupemerera tiyi. "Ndinangolipeza penapake."

"Ndinadziwa ine! Akanagula, bwenzi tikuwathira madzi atakomoka."

Madzulo amenewo Rhonda anamuwotchera mwamuna wake nthiti za nkhosa ndi mbatata, n'kumupaka mafuta m'mikono yotupa ija. Anauza mtima wake kuti anakwatiwa ndi munthu wabwino, wouma pakamwa koma wachifundo. Mitambo inali itachoka, mphepo italeka. Anawonjezera nkhuni mu mbaula ndi bulangete lina pabedi.

Kutacha, udzu wonse unali mbee, ukulira pansi pa nsapato. Chisanu choyamba chinali chitagwa. Rhonda anafika pageti, anatola nyuzi, n'kuyang'ana kwa Glenys. Malata anali oyera kuyambira pamwamba mpaka m'mphepete, ndipo kwa nthawi yoyamba anamukondwerera mnzakeyo ndi mtima wonse.

Kenako anacheuka, monga mwa chizolowezi chake.

Denga lake linali lakuda bii, likudontha mbali zonse. Pamwamba pake panakhala khwangwala, akuotha.