Mphindi Makumi Anayi

Foni inanjenjemeranso pantchafu pa Laban. Annie.

Laban anali atakhala pamuzu wa mlambe kuseri kwa msika wa Chipyela, pachilumba chakwawo, pamene netiweki imagwira mosanyinyirika. Ikamakwana 12 koloko masana, asainimenti ya kayendedwe ka madzi inayenera kukhala itafika kwa mphunzitsi wawo ku Blantyre. Nthawi inali 11:20, mwera ukuwaza mchenga palaputopu, ndipo yake inali isanapite.

Annie wa ku Khuyu, pachilumba chomwecho, ankaphunzira naye zauinjiniya chaka chachitatu. Mtsikana wabwino, wansangala, koma masamu ankamuthawa ngati ali naye chifukwa. Mauthenga ake onse ankayamba chimodzimodzi: mutu umodzi susenza denga. Denga lake n'kukhala la iyeyo, mutu wa Laban.

Semesita yapitayo Laban anam'thandiza funso limodzi. Mphunzitsi, yemwe ankapatsa aliyense funso lakelake lomaliza, anadabwa kuona Annie atakhoza. Anamuimika pabolodi kuti afotokoze. Annie anayang'ana choko, anayang'ana kudenga, kenako anatchula dzina la Laban. Onse awiri analandira kalata: zikachitikanso, basi, kwanu. Laban anali woyamba pamtundu wawo wonse kuponda kukoleji, ndipo kalatayo sinam'choke m'mutu mpaka lero.

Ndiye mauthenga atatu a mawu amene Annie anatumiza sanawatsegule. Ankaidziwa nyimbo yake. Koma wachinayi unali wolemba, ndipo maso anaugwera okha.

"Boti la matabwa. Mng'alu masentimita 20 m'litali, imodzi m'lifupi, masentimita 30 pansi pa madzi. Ndowa ziwiri zikuchotsa malita 100 pamphindi. Lingalandire malita 1,500 lisanamire. Kutsogolo mphindi 30, kubwerera 10. Lifika? Changu, batire 4%."

Laban anaseka chopsa mtima. Ngakhale moni! Funso lachibwana ngati limeneli, munthu wa chaka chachitatu? Koma zala zinali zitayamba kale, chifukwa Laban ukamuonetsa funso la masamu ali ngati nkhuku yaona chiswe. Analemba kuseri kwa kope. Madzi olowa, malita pafupifupi 170 pamphindi. Kuchotsapo 100. Otsala 70. Boti likamatsika madzi amalowa mwamphamvu, ndiye mphindi makumi awiri mwinanso osakwana. Yankho linali loonekeratu: silifika, libwerere.

11:31. Anayesanso kutumiza asainimenti yake. Kamzere kosonyeza kutumiza kanayenda mpaka pakati, n'kuima.

"Laban chonde."

Apa ndiye panali nkhani. Akam'patsa yankho loona, Annie akhoza, mphunzitsi amuimikanso pabolodi, ndipo dzina lotuluka pakamwa pake likudziwika kale. Akam'kaniza, chilumba ndi chaching'ono. Dzuwa lisanapendeke, Khuyu yense akhala atamva kuti mwana uja sukulu yam'kweza mapewa, wayamba kumana anzake nzeru. Mabanja awiriwo ankakhala benchi limodzi kutchalitchi kuyambira agogo awo.

Mayi wina wogulitsa usipa anadutsa ndi beseni pamutu, chitenje chikupepeluka.

"A injiniya, lelo mwauma nkhope bwanji? Mabukuwo akuluma?"

"Ayi mama, ndi mphepoyi."

"Mwela wa lelo ngwamwano," anatero mayiwo akupitirira.

11:36. Laban anapukuta thukuta ngakhale kunali kozizira. Mantha anali atam'gwira zenizeni, ndipo mantha amabala nzeru zoipa. Nanga atam'patsa yankho lolakwika? Sanakane, sanam'mane. Annie alephera funso limodzi monga mwa masiku onse, mphunzitsi sadabwa kanthu, aliyense agona kwawo. Mwinanso aphunzirapo kusenza denga lake.

Anafufuta 170 papepala paja ngati pali wina woti adzaone. Mtima unamuuza kuti ichi n'chinyengo. Anauyankha kuti kuchotsedwa sukulu n'koipa kuposa apa.

"3%. Laban!"

Analemba mofulumira, asanasinthe maganizo: "Mphindi 40. Lifika bwinobwino."

Anadina. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo.

Ngati kuti netiweki imangodikira zimenezo, kamzere ka asainimenti kanathamanga mpaka kumapeto. Yapita. 11:41. Laban anatsamira mlambe, n'kutulutsa mpweya umene anausunga m'mawa wonse. Manyazi analipo, inde, koma ochepa, oti munthu n'kudya nawo chamasana. Anatseka laputopu, anakung'untha mchenga pathalauza, nayamba kuganiza zomwe adzanene Annie zotsatira zikadzatuluka. Munthu aliyense amaphonya, mlongo. Mwina ndinasokoneza mayunitsi.

Foni inanjenjemera komaliza.

"Zikomo m'bale, Mulungu akudalitse. A Manuel eni boti amafuna tibwerere kutsidya ku Cobue, koma ndawawerengera anthu yankho lako, tikubwera. Mayi ako ndiwo ayamba kuvomera, ati mwana wawo salakwitsa masamu."

Laban anaimba. Foni ya Annie inali itazima.