Waya Wozulidwa Tsiku la Intavyuu

Intavyuu ya ntchito inali pafupi kuyamba pa kompyuta, koma intaneti inali zii. Tiya analemba pa kompyutapo manambala a modemu, kabokosi kolandira intaneti kuchokera panja, kuti alowe aone chavuta, tsamba lake osatseguka. Rauta yokha, kabokosi kogawa intanetiyo m'nyumba, ndiyo inkayankha, timagetsi take tili phethiphethi ngati palibe mlandu.

Anagwada kuseri kwa TV. Waya wolumikiza rauta ndi modemu unali pansi, wokulungidwa bwinobwino.

"Ndazula ndine," anatero amayi ake akuloza modemu, iwo amene anali atangofika kumene kuchokera ku Dedza. "Sukuiona mvulayi? Kabokosi aka waya wake ukuchokera panja. Mphenzi ikalowera mmenemo, kompyuta yakoyo ipsa, ntchito uipezera pati?"

Tiya anafuna kukalipa, koma kunatuluka kuseka.

"Amayi, kuno ku Sheffield mvula siikata; tikamazula mvula ikagwa, tidzalumikiza liti?"

Anabwezera waya uja. Tsamba la modemu linatseguka, zizindikiro zonse zili zobiriwira, intaneti yabwerera.

Amayi anakokera mpando pawindo, nakhala tsonga, maso ali kumitambo.

"Yankhula nawo mabwanawo, mwanangu. Kumwambaku ndiyang'anira ine."