Ovolosi ya a Mbee

A Mbee anakhala pabenchi ya kuchipatala atatambasula miyendo ngati benchiyo anakhoma okha. Akazi awo anapanikizika kunsonga, manja osweka atawabisa m'matumba a juzi.

Dzina la Mbeeli bambowa anawapatsa ndi anzawo kugalaja kumene amapenta galimoto. Onse ankaweruka ali penti yekhayekha, koma m'mawa ovolosi yawo yokha inkabwera itayera mbee. Chimvereni pawailesi kuti thinazi, mankhwala osungunulira penti aja, akhoza kusokoneza mahomoni mpaka munthu kulephera kubereka, bambowa ankavala masiki awiri ndi magolovesi ofika m'zigongono. Wina akatsegula chitini, iwo liwiro la kugeti.

"Kokani fungolo inuyo," ankatero. "Ine mphamvu zanga ndimazisamala."

Anazisamaladi, koma zaka zinkangopita m'nyumba osamveka khanda. Amayi awo anali atawaonera kale mtsikana wina. Mawu anali atadulidwa: zikapezeka kuti vuto ndi la mkazi, apakire.

Dokotala anawaitana onse awiri. Anayamba ndi bambo.

"Inu zonse zili bwino."

A Mbee anawongola kolala, chimwemwe chosabisika. Anatsala pang'ono kupempha kuti mawuwo abwerezedwe chitseko chili chotsegula, a pabenchi amveko.

"Mwamva, mayi? Paja munkati tiyezetse tonse. Tayezetsatu."

Mayiwo anakankhira manja mkati mwa matumba.

"Koma inu mayi mahomoni anu asokonekera," anapitiriza dokotala. "Zoyambitsa zimakhala zambiri, ndiye tifufuze. Mukuti mutu umakupwetekani, chizungulire sichikutha. Tatulutsani manjawo."

Mayiwo anawatulutsa mwamanyazi. Dokotala anayang'ana ming'alu ya m'zala, kenaka anasendeza mphuno n'kukwinya nkhope.

"Fungo ili si la sopo. Mumagwira ntchito fakitale iti?"

"Fakitale? Awa?" a Mbee anaseka mpaka phewa kugwedera. "Awa n'ngongokhala pakhomo, adokotala. Ntchito ya mankhwala timagwira ndife."

"Zoona, sindigwira ntchito," anatero mayiwo chapansipansi. "Ndimangochapa ovolosi yawo. Tsiku lililonse ndimainyika m'thinazi kubafa, nditatseka chitseko kuti fungo lisawapeze. Botolo lake amandibweretsera okha."