Dziwe la Mvuu ndi Kachingwe ka Nkhwali

Padangotero, kale lija nyama zikadagwira ntchito ya dima zikuimba, chitsime cha Mbewa za kudambo chinagumuka. Mvuu ndi Nkhwali anakangana kuti angazithandize bwino ndani.

"Iwe Nkhwali, kathumba kakoko kangatukule mudzi?" anaseka Mvuu. Iye sanafunse aliyense. Anagubuduka m'dambo mpaka panakumbika dziwe lalikulu, n'kuuza Mbewa kuti ziombe m'manja.

Nkhwali anakakhala pansi pakhomo pa a Nachisale, mtsogoleri wa Mbewa.

"Amayi, mukusowa chiyani?"

"Mwanawe, kukumba tinabadwa nako. Chatisowa n'chingwe ndi kotungira."

Nkhwali anabwera ndi luzi ndi chigoba cha nkhono, basi. Mbewa zinakumba chitsime china zikuimba nyimbo za makolo azo, zija sitizimvanso masiku ano. Ha, kuzizira kwake madziwo!

Dziwe lija linapeza mwini wake: Ng'ona.

Mvuu atabwera kudzaona chitukuko chake, anapeza njira ya kudziwe itamera udzu.

"Anthu osayamika inu! Bwanji simutunga kwanga?"

A Nachisale anatula mtsuko pansi.

"Tinayamika, achimwene. Ana amene tinawatuma kukatunga tikuwadikirabe."