Khoma Lofunda M'chipinda cha Wodwala

Panali munthu wina, dalaivala wa basi, amene nkhani yake ndinaimva kwa mchemwali wake titatuluka m'mapemphero. Ndikuifotokoza monga anandiuzira.

Bambo ake a dalaivalayu anadwala matenda opha ziwalo, miyendo n'kusiya kugwira ntchito, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Pofuna kuwasamalira pakhomo, iye anadula balaza ndi khoma la mabolodi a jipisamu kuti papezeke kachipinda. Chinatsala ndi soketi ya hita, poti mkuluyo sankagwirizana ndi kuzizira.

Mlamu wake, yemwe ndi wa zamagetsi, anamuuza pa foni kuti, "Alamu, mundidikire Loweruka. Kuseri kwa bolodi timadutsitsa waya wamphumphu, ali m'paipi. Mfundo ya waya sitibisa m'khoma, imatentha."

Koma achipatala anali atanena kuti wodwala atuluka mawa lake. Dalaivala anatenga zidutswa ziwiri za waya wakale, anazipotokola pamodzi ndi pulayala, n'kukulunga tepi, n'kukhomerapo bolodi. Kenako anauza mlamu uja kuti wapeza wa zamagetsi wina. Kwa mkazi wake ananama kuti, "Achimwene ako anabwera iwe uli kumsika."

Pasanapite nthawi, khoma lija linayamba kufunda hita ikayaka. Mkulu uja ndiye anayamba kuzindikira.

"Mwananga, khoma ili laposa madokotala onse aja," anatero akuseka. "Chimwalirireni mayi ako, palibe anandifunditsapo msana chonchi."

Mkazi wa dalaivala anaseka nawo, n'kukankhira bedi kukhoma kuti apongozi ake azitsamira bwino.

Dalaivala yekha sanaseke. Anaikapo dzanja. Pofundapo panali penipeni pamene anabisa mfundo ija.

Kuyambira tsiku limenelo mtima wake sunakhalenso m'malo. M'mawa uliwonse ankagwira khomalo mwakabisira, ngati akuyeza mwana malungo. Akamva galimoto ya ozimitsa moto ali pamsewu, ankaganiza kuti ikupita kunyumba kwake. Ankati, "Mawa ndichotsa bolodi lija." Koma kulichotsa kunali kuulula bodza kwa mkazi ndi mlamu yemwe, ndiye mawa lakelo silinkafika.

M'mawa wina kunazizira kwambiri, iye ali pa tchuthi. Mkazi wake anapita kukasitira m'kachipinda muja kuti azicheza ndi apongozi, ayironi ndi hita zonse pa soketi imodzi. Dalaivala anali panja akutsuka nsapato pamene anamva mkazi wakeyo akukuwa.

"Abambo! Thamangani, khoma likufuka!"

Anapeza utsi ukutuluka m'soketi ndi m'mphepete mwa bolodi, m'khoma mukumveka kuthetheka. Bambo ake anali chitsamire, akuyesa kudzikoka ndi zigongono, osasuntha. Mkazi anali atanyamula kale beseni la madzi.

"Usathire! Ufa nawo!" anakuwa dalaivala, n'kuthamangira kukazimitsa swichi yaikulu.

Magetsi anazima, koma moto unali utagwira kale matabwa a mkati mwa khoma. Pobwerera, m'chipinda simunkaonekanso. Anachita kufufuza ndi manja, akutsatira kutsokomola kwa bambo ake.

"Ambuye, asafe ndi dzanja langa," ankangobwereza mawu amenewo mpaka anawatulutsa atawabereka kumsana.

Aneba anaboola khoma ndi nyundo, n'kuzimitsa motowo ndi mchenga. Mulungu anachita chifundo, palibe anamwalira, ngakhale mkuluyo anagonekedwanso m'chipatala chifukwa cha utsi.

Mlamu uja atabwera, anatola mfundo yopserera ija m'phulusa. Anangoipereka kwa mlongo wake, mkazi wa dalaivala uja. Nkhani inafika mpaka pabedi la wodwala.

Dalaivala atapita kukawaona, bambo ake anamufunsa:

"Kodi unkadziwa chimene chinkafunditsa khoma lija?"

"Ndinkadziwa, bambo."

"Ndiye masiku onse aja unkandiona ndikutsamira moto, iwe n'kumandifunsa kuti ndadzuka bwanji?"

Mchemwali wake akuti dalaivala anangogwada pambali pa bedi.

Phunziro: Abale anga, waya wodutsa kuseri kwa bolodi asakhale wolumikiza, ndipo ntchitoyo tiziwasiyira oidziwa. Khoma kapena soketi ikayamba kufunda, zimitsani magetsi, itanani wa zamagetsi tsiku lomwelo. Ngati munalakwitsa, nenani msanga, manyazi asakuphetseni anthu amene mumawakonda. Chonde tumizirani ena uthengawu, mwina lero pali wina amene watsamira khoma lotere. Ambuye atiteteze tonse.